Chimanga Chimene Abambo Anakana

Tadala, usandiyang'ane ndi diso limenelo. Ndavomera kale kuti pepala lako ndinakulungira mbewu za maungu. Ndinalipeza pansi pa mpando, lopindika, lothimbirira ndi tiyi, ndiye ndikanadziwa bwanji kuti unamwino wako wonse uli m'menemo? Ukuti dzina lake n'chiyani? Handauti. Eya, ndamva, mapepala amene aphunzitsi anu a ku Blantyre amagawa kuti muzikawerenga panokha. Likadali lonse, mbewu sizinadyepo chilembo ngakhale chimodzi. Ukalisita likhala bwino.

Iwe Yamikani ukuseka chiyani? Ukuti mchemwali wako sakudziwa Chingerezi, handauti ndi zitenje ndi shuga zimene andale amagawa pamsonkhano, unamva pa wailesi. Nonse mukunena zoona, ana inu, ndipo musakanganirepo. Ine amene mumandiseka kuti foni ndimaigwira chozondotsa ndinakumana nawo mawu amenewo mayi anu akadali kumsana. Ndinawamva kawiri mwezi umodzi, koyamba ndinasangalala, kachiwiri anatsala pang'ono kundiphera abambo anga. Sunthirani kuno, manja asakhale, mtedzawu sudziswa wokha. Woswa muziponya m'beseni umo, koma mwaulemu, chifukwa beseni limeneli ndi lalikulu kwa mayi anu.

Abambo anga, a Layisoni, simunawaone. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa manja ngati khungwa la mtengo. Manachesi onse mukuwaona kutsetserekoku anadzala ndi iwo, mzere ndi mzere, akuyeza ndi phazi. Nthawi yake ikakwana ankakweza madengu awiri panjinga, ulendo wa kumsewu waukulu, kukagulitsa kwa oyendetsa malole odikira pamalire. Njinga imeneyo sankaikwera pokwera phiri, ankaikankha, ndipo munthu akati awathandize kukankha ankakana. Ndi mmene analili. Kupereka ankapereka mpaka amayi kudandaula, koma kulandira kunkawavuta ngati kumeza mankhwala owawa.

Chifukwa chake anatiuza kamodzi kokha. Ali mnyamata anapita ku Halale, wapansi mbali yaikulu ya njira, kukagwira ntchito pafamu ya fodya. Khirisimasi ikafika, mwini famu ankaimirira pamwamba pa lole n'kumaponya maswiti ndi malaya akale, antchito n'kumalimbirana pansi, iye ndi alendo ake akuseka. Chaka choyamba abambo analimbirana nawo. Anagwira jekete, mkulu wina wa imvi anagwiranso mkono wake wina, anakokana mpaka jekete linang'ambika pakati. Atadzutsa maso anaona kuti mkulu uja ndi amene anawalandira tsiku lofika ndi kuwagoneka m'nyumba mwake. Kuyambira pamenepo analumbira kuti dzanja lawo silidzatambasukanso pagulu.

Musaganize kuti kale kunalibe njala kapena kuti anthu sankathandizana. Njala inalipo, ndipo tinali ndi njira zake. Nkhokwe ikatha msanga munthu ankapita kukasuma. Kusuma, Yamikani, si kupempha. Unkanyamula chimene uli nacho, kaya nkhuku, kaya mphasa, kaya mphamvu zako zokha, n'kupita kudera kumene akolola, kukasinthitsa kapena kukalima, n'kubwera ndi chimanga pamutu uli chiwongokere. Amayi anandipititsako kamodzi ndili mtsikana, kutsidya kwa malire, masiku awiri a ulendo, ndipo khosi langa limakumbukirabe.

Komanso panali mbale. Masiku ano chakudya mumapatsana m'majumbo, jumbo n'kutaya, nkhani yatha. Ife tinkapatsana m'mbale, ndipo mbale inkabwerera kwa mwini wake. Mnzako akakutumizira futali, mbale yake sunkaibweza yopanda kanthu. Unkaitsuka, n'kuisunga tsiku limodzi kapena sabata, mpaka utapeza choikamo, kaya therere louma, kaya mazira awiri, kaya kamchere. Palibe ankayerekeza kuti chapita n'chachikulu, chabwera n'chaching'ono. Ndipo kukaitanitsa mbale yako kunali kupanda ulemu kwenikweni, chifukwa kunali ngati kumuuza mnzako kuti wachedwa. Sungani zimenezi, muzifuna kutsogoloku.

Ndili ndi mimba ya malume anu aakulu, nkhondo ya ku Mozambiki inakula. Usana tinkamva mfuti kumapiri a ku Zobuwe ngati wina akuwaza nkhuni kutali. Kenako anthu anayamba kutulukira m'tinjira ta m'tchire, ana kumsana, mitolo pamutu, ena opanda kalikonse. Mwa amenewo munali a Luwiza. Anali mayi wochepa thupi, wa mano otalikirana, ali ndi ana atatu, mwamuna wawo atatsala kumeneko osadziwika ngati ali moyo. Anakhala pansi pa nachesi uyo, wachitatu kuchokera kunjira, osapempha kanthu, kungokhala. Chichewa chawo chinali chosakanikirana ndi Chinyungwe, koma tinkamvana.

Abambo anawayang'ana, n'kuyang'ana ana aja, kenako anaitana amayi.

"Make Esinati, tapani ufa."

Amayi anatulutsa kambale.

"Osati ako. Beseni lija."

Beseni lija ndi ili. Nthawi imeneyo linali latsopano, loyera mbuu, mkombero wake wabuluu, ndipo amayi analigula ndi mtedza wawo wa chaka chonse. Sankalola munthu kusambiramo m'manja. Analidzaza akung'ung'udza chapansipansi, pamwamba anaikapo nyemba m'kansalu. Abambo anawalozeranso a Luwiza malo kuseri kwa phiri ili, kumene kunali munda wa agogo awo a abambowo, kuti amangepo ndi kulima. A Luwiza anagwada, anawomba m'manja, anangoti, "Tatenda, Baba." Anasenza beseni n'kumapita.

Sabata inatha, mwezi unatha, beseni osabwera. Chaka chinatha. Othawa nkhondo anayamba kulandira thandizo la mabungwe, ufa, nandolo, mafuta ophikira, ndipo a Luwiza ankalandira nawo. Tinkakumana kuchitsime ndi kutchalitchi, moni wabwinobwino, koma za beseni zii. Amayi anga, Mulungu awasunge, pakamwa pawo panali ngati panga. Akamapeta ankayamba, "Anthu ena mbale ya eni amaiyesa mphatso ya ukwati." Abambo ankangoti, "Lisiyeni, likudziwa kwawo." Zaka zinayi amayi akuimba nyimbo imeneyo, mpaka ife ana tinkaiyambitsa dala tikafuna kuseka.

Ndiye kunabwera chilala chachikulu chija. Mvula inagwa bwino poyamba, tinadzala, chimanga chinafika m'chiuno, kenako kumwamba kunangoti mbee. Chinafota chili chiimire, ngayaye zisanatuluke. Mtedza unapsera pansi. Manachesi anayoyoka ali ang'onoang'ono ngati maso a mbuzi. Abambo anagulitsa mbuzi imodziimodzi mpaka khola linatsala la nkhuku zogona. Agogo anu aamuna anali ku Thyolo kuminda ya tiyi, ine ndinali pano pa makolo anga ndi ana awiri, tonse tikudya nkhokwe imodzi. Kukasuma kunalibe kopita, chifukwa kutsidya kunali nkhondo ndi mabomba okwirira, ndipo kwina konse kunali kouma ngati kuno. Pofika mwezi wotentha tinkadya gaga ndi mango aawisi owiritsa.

Uthenga unabwera kuti kukubwera chimanga chaulere cha ife eni mudzi, ndipo akufuna anthu odziwa kulemba oti athandize kalembera. Ine ndinafika Sitandade 8, musandione chonchi. Anandisankha. Tinapita ku boma masiku atatu kukaphunzira, ndinavala diresi langa la kwaya, ndipo kumeneko ndi kumene ndinamva mawu ako aja koyamba, Tadala. Mayi wina wa magalasi anazungulira ndi mulu wa mapepala akuti, "Aliyense atenge handauti imodzi." Ndinaitenga ndi manja awiri. Munali malangizo a kalembedwe ka mayina, kaimikidwe ka anthu pamzere, kaitanidwe, ndi kadindidwe ka chala. Ndinaiwerenga mpaka kuiloweza, ndinaisunga m'Baibulo. Ndinkadziona ngati boma lenilenilo.

Pepalalo linkati khomo lililonse lilembedwe m'dzina la mutu wa banja. Ndinayenda mudzi wonse ndikulemba. Nditafika pakhomo pathu sindinafunse munthu, ndinangolemba dzina la abambo. Kunena zoona, mumtima ndinkadziwa kuti ndikawafunsa akana, ndiye ndinati ndiwapulumutse asakufuna. Ndikanatha kulemba dzina la amayi kapena langa. Koma pepala linati mutu wa banja, ndipo ine ndinali nditayamba kumvera pepala kuposa zimene ndinkadziwa za bambo wondibereka.

Tsiku logawa linafika. Malole anaima pabwalo la sukulu, matumba ataunjikidwa kufika padenga la kalasi. Anthu anabwera midzi yonse yozungulira, dzuwa lili pamutu, fumbi lokhalokha. Anandipatsa chimkuzamawu choti ndiziitanira mayina. Ha, ndinkamva kukoma kumva mawu anga akugunda phiri n'kubwerera. Woitanidwa ankabwera kutsogolo, kudinda chala mu inki, kutambasula thumba lake, n'kuthiriridwa. Chimanga chake chinali chachikasu, chochokera kunja, chimene ambiri tinali tisanachionepo.

Abambo anabwera kudzaonerera chabe. Anaima patali pansi pa mtengo wa mthethe, atatsamira njinga yawo, chipewa chili kumaso. Ndinawaona. Ndinafika pa dzina lawo, ndinazengereza pang'ono, kenako ndinaliitana, lonse, mokweza, kawiri monga pepala linanenera.

Bwalo lonse linatembenuka. Mukudziwa, abambo anali munthu amene theka la anthu amenewo linadyapo za m'nkhokwe mwake. Wina kumbuyo anati, "Ngakhale a Layisoni?" Ena anaseka, osati mwankhanza, kuseka kwa anthu anjala amene apeza mnzawo. Ndiye kalaliki wina wochokera kutauni, atakhala pathebulo pafupi ndi ine, anauza mnzake osadziwa kuti chimkuzamawu chikutola mawu ake, "Ukuona? Anthu akumudzi akangolawa mahandauti, khasu amaliiwala."

Kumeneko kunali kumva kwanga kwachiwiri. Abambo Chingerezi cha pafamu ankachidziwa, ndipo mawu amenewo anali atawamvapo pansi pa lole ija. Anatembenuza njinga n'kuyamba kuikankha kubwerera kumudzi, ngakhale njira yake inali yotsetsereka. Ine ndinadinda chala changa m'malo mwawo, ndinapitiriza kuitana mayina mpaka madzulo, koma kukoma kuja kunali kutatha.

Thumba ndinabwera nalo pamutu. Ndinawapeza abambo atakhala pakhonde.

"Esinati, ndinakutuma?"

"Ayi, Bambo."

"Ndinakuuzapo kuti ndalephera?"

"Bambo, ana akufa ndi njala. Inunso mwaonda."

"Ana adye. Iwe idya, mayi ako adye. Sindiletsa munthu. Koma ine chimanga choitanidwa nacho dzina pabwalo sindidya."

Ine m'kamwa simuchedwa, mukundidziwa. Ndinawauza kuti kunyada sikuphikidwa. Ndinawauza kuti anthu onse anaima pamzere aja si agalu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Sindinati ndi agalu. Ndati sindidya." Nkhani inathera pomwepo.

Tinkayesa ndi mkwiyo wa masiku awiri. Sabata inatha. Ife tikudya zachikasu, iwo ankadziphikitsira gaga wotsala, ndipo gaga atatha anatsala ndi mango ndi masamba a chinangwa. M'mawa uliwonse ankatengabe khasu kupita kumunda kukagalauza dothi louma gwa, ngati akuyankha kalaliki uja. Ndinayesa kuwanyenga. Ndinasakaniza ufa wachikasu pang'ono ndi gaga amene ndinapempha kuchigayo, koma chikasu sichibisika. Anayang'ana m'mbale, anaikankhira kwa mdzukulu wawo, n'kukasamba m'manja. Abusa anabwera kudzawalankhula, anawalandira bwino, anapemphera nawo, osadya.

Sabata yachitatu khasu linayamba kuwalemera. Yachinayi mapazi anatupa, nsapato zawo za matayala osalowa. Iwe Tadala ukudziwa tanthauzo la zimenezo kuposa ine. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pakati pa njira ya kumunda, akupuma ngati athamanga, ndipo nditati ndiwagwire mkono sanakane. Pamenepo ndinachita mantha enieni, chifukwa abambo anga anali asanalolepo kugwiridwa mkono. Ndinalira njira yonse. Ndinkadziwa kuti akafa, ndawapha ndine ndi chimkuzamawu chija.

Amayi masiku onsewo sanakangane nawo. Ine ndinkadabwa, munthu wolongolola ngati iwo. M'mawa wina anamanga chitenje chawo chabwino, anaima pakati pa bwalo, n'kulankhula mokweza kuti wogona m'nyumba amve.

"Ine ndatopa. Lero ndikukatenga beseni langa kwa Luwiza."

Abambo anayankha ali pamphasa, mawu atachepa, "Make Esinati, musatichititse manyazi. Mbale saitanitsa."

"Manyazi ndadya zaka zinayi, sindinakhute. Ndikupita."

Ine ndinakwiya nawo. Munthu akufa m'nyumba, iwo akuganiza za beseni. Ndinawatsatira mpaka kunjira ndikuwanena, iwo osatembenuka. Anangoti, "Iwe unaphunzira kwambiri, bwerera ukawerenge pepala lako." Anabwerako masana, manja ali lende.

Mawa lake dzuwa litakwera pang'ono, tinaona a Luwiza akutsika phiri, beseni lili pamutu, lovindikiridwa ndi nsalu. Sanapite kukhitchini kwa amayi. Anapita pakhonde pamene tinawakhazika abambo, anagwada, anatula beseni patsogolo pawo, n'kuvundukula. Linali lodzaza ufa mpaka mumkombero, pamwamba pali nandolo m'kansalu. Ufawo unali wachikasu, womwewo, wa m'matumba omwewo.

"Baba, ndabweza mbale yanu. Ndachedwa nayo, mundikhululukire."

Abambo anayang'ana ufa uja nthawi yaitali.

"Mwachedwa nayo ndithu," anatero.

"Ndikanaikamo chiyani, Baba? Chaka chilichonse ndinkalitsuka, ndinkayang'ana kuno. Nkhokwe zanu zodzaza, mbuzi zili m'khola, manachesi akuwolera pansi. Chimene ndinali nacho inu munali nacho kale. Lero ndiye ndapeza chimene mulibe."

"Ana anu adya chiyani?"

"Ana anga anadya kale, tsiku lija pansi pa mtengo uwo."

Ndinkaona abambo akulimbana nazo. Ufa unali wa mabungwe, iwo ankadziwa. Koma mbale yobwerera siikanidwa. Kuikana kukanakhala kumuuza mayi uja kuti iye ndi wongolandira basi, alibe choti n'kupatsa munthu. Zimenezo abambo sakanamuchita munthu wina, chifukwa ankadziwa kuwawa kwake. Anawomba m'manja pang'onopang'ono, katatu, n'kunena kuti, "Zikomo, mayi." Kenako anatembenukira kwa amayi. "Make Esinati, mlendo wayenda mtunda. Konzani phala timwe naye."

Anamwa. Anayamba ndi masipuni ochepa, a Luwiza akumwa nawo pambali ngati palibe chachilendo. Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu ija kukalira. Amayi anandipeza komweko, anandiyang'ana, n'kuti, "Beseni langa aliswa mkombero." Koma m'maso mwawo munali misozi.

Beseni limodzi silichiritsa munthu, ana inu. Chimene chinawachiritsa ndi chimene chinatsatira. Ufa utatha, abambo anayamba kusowa mtendere. Anati mayi uja wabweza zoposa zimene anatenga, nandolo ndi wodula kuposa nyemba, beseni liyenera kupitanso. Amayi anati tiikamo chiyani, m'nyumba mulibe kanthu. Abambo anaitanitsa kasemasema wawo. Atakhala pansi, miyendo yotupa itatambasulidwa, anasema mipini iwiri ya makasu ndi mthiko, anaika m'beseni, n'kundituma kuseri kwa phiri. Patapita masiku atatu beseni linatsika ndi ufa. Linakweranso ndi lichero, linatsika ndi ufa. Linakwera ndi mpando wa ndalema, umene sunakwane n'komwe m'beseni, ndinachita kuumangirira pamwamba.

Mwina mukufunsa kuti a Luwiza ufa wonsewo ankautenga kuti, ali ndi ana atatu. Apa ndiye pali kuba kwanga. Mwezi uliwonse ndikalandira thumba la pakhomo pathu, ndinkapungula gawo la abambo, kukagayitsa, n'kuzungulira nalo njira ya kuchitsime kukalisiya kwa a Luwiza. Beseni loyamba lokha ndi limene linali la m'kamwa mwa ana awo. Enawo chinali chimanga cha abambo chomwe, choitanidwa nacho dzina chija, chikungokwera phiri ndi kutsikanso. Tinapangana atatu, ine, amayi ndi a Luwiza, kuti asadzadziwe. Dzina pa kalembera ndinasintha, ndinaika langa, ndipo chimkuzamawu ndinapatsa wina.

Mvula itabwera abambo anali ataimirira. Anadzala okha munda wa kumtunda. Mipini ija inagwira ntchito m'munda mwa a Luwiza, ina anagawira anzawo othawa nkhondo. Nkhondo itatha anthu aja anabwerera kwawo, ndipo a Luwiza anabwera kudzatsanzika, beseni lili pamutu komaliza, muli mbatata. Tinamva pambuyo pake kuti mwamuna wawo anamupeza ali moyo, wopanda mwendo umodzi. Anabwerako kawiri kudzationa, ndipo pamaliro a amayi anagona pano sabata yathunthu.

Ine nkhani imeneyi ndaitembenuza zaka zambiri, ndipo sindinganene kuti abambo analondola zonse. Anthu amene anaima pamzere tsiku lija anapulumutsa ana awo, ndipo mawa lake anapita kumunda ndi makasu awo, kalaliki uja ananama. Chimanga chachikasu chija chikanapanda kubwera, mayi anu sakanakula, inu simukanakhala pano mukundidyera mtedza m'malo moswa. Ndakuona, Yamikani. Ine ndemwe lero dzina langa likatuluka pa za feteleza ndimapita, ndimaima pamzere, sindichita manyazi. Koma sindinganenenso kuti analakwa zonse. Ndimaona masiku ano munthu akupatsidwa kathumba ka ufa, asanakagwire bwino amuimika kuti amujambule, amuuza kuti amwetulire, amuuza kuti aimbe. Ndikaona zimenezo ndimakumbukira lole ya ku Halale, ndipo mtima umandiwawa.

Abambo anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi. Chaka chomaliza maso anali atachita khungu, ankangokhala pansi pa nachesi wachitatu uyo, ine n'kumawasendera. Tsiku lina, tisakukamba n'komwe za njala, anati, "Esinati."

"Bambo."

"Njira ya kuchitsime ija ndi yoterera. Unkakwera bwanji ndi thumba pamutu, mwana ali kumsana?"

Nachesi linandigwa m'manja. Ndinati, "Munkadziwa?"

"Thumba la kwa Luwiza linali ndi chigamba cha diresi lako la kwaya. Ndinaliona pamene ndinapita kukamukhomera chitseko."

"Nanga bwanji munkadyabe?"

Anatafuna kaye, n'kulavula njere m'dzanja monga ankachitira, kuti adzafese.

"Pabwalo paja unandiitana kuti anthu andione. Kuphiri kuja unkazemba kuti ndisadzione. Ndikanakana bwanji, mwana wanga akuvutika chonchija?"

Sitinakambenso za nkhaniyo. Ndinatola nachesi lija, ndinalipukuta, tinagawana.

Basi, mtedza wakwana, ndipo dzuwa lapendeka. Tadala, tenga pepala lako pa alumali, mbewuzo ukhuthulire m'chikho. Ukamaliza ubwere kuno. Mukuwadziwa Anambewe a kuseri kwa tchalitchi, amene akulera adzukulu anayi aja. Chaka chino munda wawo unakokoloka, ndipo utsi pakhomo pawo ndikuuona kamodzi patsiku. Sananene kwa munthu, ndipo sanena. Dzana ndinapita dala kukawapempha nkhwani, ndinati wanga wadyedwa ndi mbuzi, ndipo anandipatsira m'mbale yawo yaikulu. Mbaleyo ili m'khitchini, ndaitsuka. Muthiremo ufa, pamwamba muike mtedzawu m'kansalu. Mukafika mugwade, munene kuti agogo athokoza nkhwani, abweza mbale. Musawonjezere mawu ena, ndipo iwe Yamikani foni yako itsale pano.